Mtembo Pamalire a Tallow Creek

Mtembo unapezeka Lamulungu m'mawa, anthu akupita kutchalitchi. Anayamba kuuona ndi mayi wina amene ankayenda ndi galu wake pa mlatho wakale wa Tallow Creek, ndipo pomwe Lorraine Tolliver ankafika, nkhani inali itafala kale mbali zonse ziwiri za mtsinje. Akumpoto ankati munthuyo waphedwa ndi akumwera. Akumwera ankangoti Mulungu ndiye akudziwa.

Lorraine anali wapolisi wofufuza milandu m'boma la Marbury, ku Georgia, ndipo ntchitoyi anali atayigwira mpaka mawondo kuyamba kudandaula. Anatsika gombe cham'mbali ngati nkhanu, akugwira tchire. Munthuyo anagona chagada pamiyala, miyendo ili m'madzi, atavala jekete ndi tayi ngati wopita kumsonkhano. Magalasi anali akadali kumaso. Mutu unali utasweka kunkhongo, ndipo m'dzanja lamanja munali matope ofumbatidwa.

Anamuzindikira asanaone chiphaso chake. Anali Wendell Ashcraft, katswiri wa bungwe la kafukufuku la Hollis-Crane, amene analemba lipoti lonena kuti dera la kumpoto kwa mtsinjewo lingathe kudzipatula n'kukhala mzinda pawokha, wokhala ndi meya wake, apolisi ake, ndi misonkho yake yosapitanso ku boma la Marbury. Voti ya inde kapena ayi inali Lachiwiri likudzalo. Malire a mzinda watsopanowo ankatsata mtsinje womwewu, kenako n'kukhota ngati njoka kuti ameze masitolo akuluakulu, n'kusiya kunja nyumba za lendi momwe munkakhala anthu ogwira ntchito m'masitolomo.

Lachisanu kunagwa mvula, choncho katondo wapagombe anali wofewa ndipo anasunga zonse. Panali mapazi a munthu mmodzi, wovala nsapato yaikulu yosalala kunsi, ya muofesi. Munthuyo anatsika kuchokera kumsewu, n'kufika pafupi ndi mutu wa malemu, n'kuimapo mpaka zidendene kuzama, kenako n'kukweranso. Wendell anavala nsapato za mphira, ndipo sizinaponde pagombepo paliponse. Iye anachokera pamwamba, pomwe chitsulo cham'mbali mwa mlatho chinkalekeza m'ntchafu.

Akukwera gombe, foni inalira. Anali Kaputeni Hulsey, bwana wake. Anati anthu akumpoto akuimba osalekeza, akuti Loweruka m'mawa anaona a Cleon Mabry akukokana ndi malemu pa mlatho pomwepo.

"Koma usathamange nawo akuluwo," anatero Hulsey. "Ndi munthu wachikulire, komanso amadwala shuga."

Lorraine ankadziwa kuti shugayo sanali nkhawa ya bwana wake. A Mabry ndiwo ankatsogolera gulu la ayi. Inde akapambana, boma la Marbury litaya gawo lonona la misonkho, ndipo kupolisi mipando iyamba kuchepa, kuyambira ya akuluakulu. Anangoyankha kuti wamva, n'kudula foni.

Anayambira kwa bwana wa malemu.

Dokotala Preston Vandiver anali mkulu wa bungwe la Hollis-Crane, munthu wamtali wa imvi zopesedwa bwino, wolankhula mofatsa ngati akuwerenga nkhani pawailesi. Udokotala wake unali wa maphunziro a zachuma, osati wa odwala. Anamulandira Lorraine kunyumba kwake, m'chipinda chodzaza mabuku, ndipo anamupatsa tiyi wozizira wa shuga. Anati bungwe lonse lili pachisoni chachikulu. Wendell anamuona komaliza Lachisanu kuofesi. Loweruka masana kunali mtsutso waukulu muholo ya sukulu, womaliza voti isanachitike, ndipo Wendell ndiye ankayenera kulankhulira lipoti lake. Iye Vandiver anachoka kunyumba n'kulunjika kuholo ngati womvera chabe, anadikira limodzi ndi aliyense, ndipo munthu atapanda kutulukira, anakakamizika kuimirira m'malo mwake.

Lorraine anafunsa kuti ndalama zoyendetsera bungwelo zimachokera kwa yani.

"Kwa anthu okonda choonadi, mayi Tolliver. Ife chipani tilibe. Timangotsata manambala komwe atitsogolere."

"Malipoti a mizinda yatsopano mwalembapo angati?"

"Ambiri ndithu."

"Liripo lomwe linanena kuti mzinda wakutiwakuti sungaime pawokha?"

Vandiver anayang'ana kudenga ngati akufufuza m'mutu, kenako anamwetulira n'kunena kuti madera amene amabwera kwa iwo amakhala okonzeka kale. Anaonjezera kuti sakufuna kuloza munthu chala, koma mwina mayi Tolliver amva kale zomwe a Mabry ananena pamsonkhano wa mwezi watha, zoti wolemba lipotilo adzayankha kwa Mulungu posachedwa.

Lorraine anayang'ana pansi. Mkuluyo anavala nsapato zansalu zam'nyumba. Phazi linali lalikulu, koma amuna amapazi aakulu m'bomalo anali osawerengeka.

Ali pakhomo, Vandiver anamuitananso. Anatsitsa mawu n'kunena kuti masabata apitawa Wendell sanali bwino m'maganizo, sankagona, ankangoyendayenda m'misewu, ndipo munthu wotere akaima pa mlatho zinthu zimatha kuchitika.

M'galimoto, Lorraine anakhala kaye osaliza injini. Munthu wosafuna kuloza chala anali atamupatsa wakupha ndi wodzipha, onse awiri tiyi asanathe m'tambula.

Pakhomo pa a Cleon Mabry panali madzira oswedwa, ena atauma kale pachitseko. Eni ake anali pakhonde, akuswa mtedza wa pekani m'beseni, osalabada kutsuka. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo anamuphunzitsapo Lorraine mbiri yakale ali mtsikana. Mpaka lero ankamulankhula ngati wachedwa kulowa m'kalasi.

"Ndimakudikira, iwe Lorraine. Unyolo wabwera nawo, kapena ndikabwereke kwa aneba?"

"Ndabwera ndi mafunso okha, aphunzitsi."

"Ndiye khala pansi. Usaponde madzirawo, ndi mphatso yochokera kumpoto."

Sanabise kanthu. Anati inde, Loweruka m'mawa anakumana ndi Wendell pa mlatho, ndipo anamugwiradi pamalaya. Koma Lorraine amve kaye chiyambi. Munthuyo anayamba kubwera kwawo sabata zingapo zapitazo. Tsiku loyamba anamuthamangitsa. Tsiku lachiwiri anamusiya ataima pageti mpaka dzuwa kumuwamba. Tsiku lachitatu anamupatsa mpando ndi mlamba wokazinga, poti ngakhale mdani sadyedwa ndi njala pakhomo pa Mkhristu. Wendell anali atayamba kuyenda wapansi m'malire onse omwe anajambula ali muofesi, khomo ndi khomo, ndipo zomwe ankaona zinkamusowetsa tulo. Anthu otsala kunja kwa mzere analibe ngakhale ufulu wovota Lachiwirilo, chonsecho sitolo zomwe amagulako ndi misewu yomwe amayendamo zinali kupita.

"Anandiuza yekha, atakhala pomwe wakhalapo," anatero a Mabry. "Akuti yankho anapatsidwa tsiku lomwe anapatsidwa ntchito. Chake chinali kulambula njira yokafika kuyankholo. Misonkho ya masitolo awerenge yonse. Mapaipi owola apansi pa nthaka, omwe mzindawo udzayenera kukumba ndi kusintha, asawatchule."

Wendell anali atatsimikiza kukanena zimenezi pamtsutso, pamaso pa anthu ndi makamera. Lorraine anafunsa chomwe anakanganirana tsono, poti zimenezo zinali zokomera gulu la ayi.

A Mabry anaswa mtedza wina, n'kuutaya poona kuti ndi wofumbwa. Anayankha mosafuna. Anati boma la Marbury nalo linalemba ganyu bungwe lina la kafukufuku la ku Atlanta, lomwe linatulutsa lipoti lakuti mzindawo udzagwa chaka chisanathe. Lipoti limenelo ndilo a Mabry ankanyamula m'manja pamsonkhano uliwonse. Pa mlatho paja Wendell anawauza kuti waliwerenga bwinobwino, ndipo nalo ndi lophika. Mzindawo sungagwe. Ungangokhala wodula kuposa momwe a inde akulonjezera, komanso wopweteka anthu otsala kunja. Ankafuna kukanena zonse ziwiri.

"Ndinamuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ukuti abwana ako ndi abodza, chabwino. Ukuti ifenso ndi abodza, ndiye ukagona kuti? Iye akuti sakufuna pogona, akufuna tulo. Apo m'pomwe ndinamugwira malaya. Zaka zanga zonsezi, kugwira mwana wa eni pamalaya ngati chidakwa."

Anati anamusiya ali moyo, dzuwa lisanafike pamutu, n'kupita kuholo kukathandiza amayi a gulu lawo kuyala mipando. Lorraine anayang'ana mapazi awo. Anavala nsapato zachipatala zotambalala, zokhala ndi mizeremizere kunsi.

"Anatsala akutani pa mlathopo?"

"Amadikira munthu. Anati pali wina amene ayenera kumva pamaso asanamve pagulu, chifukwa anamuchitira zabwino kale."

"Anatchula dzina?"

"Ndinali nditakwiya, sindinafunse." A Mabry anaika beseni pansi. "Ukawauze akumpotowo kuti madzira akwana. Tsopano atumize buledi."

Lolemba m'mawa anapita kwa mayi Dottie Kimbrough, mtsogoleri wa gulu la inde. Nyumba yawo inali itasanduka ofesi ya kampeni. Zikwangwani zachikasu zinali zitatsamira khoma lililonse, ndipo pagome la kukhitchini panali thireyi ya keke ya mapichesi yomwe aliyense wolowa ankayenera kulawa, afune asafune. Anali mayi wamfupi, wa tsitsi lotukuka ngati thonje, ndipo akayamba kulankhula sankasiya mpata wopumira.

"Lowa mwanawe, lowa, taona momwe watopera, boma lanulo likukugwiritsani ntchito ngati abulu, ndiye chifukwa chake tikufuna apolisi athuathu, osati kuti tikudana nanu, ayi, ine ndilibe chifukwa ndi munthu, amene amandikonza tsitsi amakhala kumwera konko ndipo ndimamukonda ngati m'bale wanga."

Anati anthu amawanena kuti ndi atsankho, koma iwo akungofuna kuti ukaimba foni ambulansi izibwera munthu akadali moyo. Malemu amuna awo oyamba anakomoka pakapinga, ndipo ambulansi ya boma inafika thupi litazizira kale. Ponena zimenezi mawu awo anatsika, ndipo Lorraine anaona kuti apa pokha sanali kuchita kampeni.

Anawafunsa za Loweruka. Mayi Kimbrough anati linali tsiku la chipwirikiti. Iwo ndiwo ankakonza gome lakutsogolo, maluwa, madzi akumwa, ndi timapepala ta mayina a olankhula. Mwamwayi Dokotala Vandiver anafika msanga, anthu asanayambe kulowa, n'kuwauza kuti achotse dzina la Wendell aike lawo.

Lorraine anaika foloko pansi pang'onopang'ono.

"Anakuuzani mtsutso usanayambe?"

"Kalekale, mwanawe, a Mabry ndi amayi a gulu lawo aja anali akukokabe mipando. Ndinachita kulemba dzina lawo ndi dzanja, poti makina osindikizira anali kunyumba, ndipo zolemba zanga n'zoipa, aphunzitsi anga ankati nkhuku imandiposa. Komatu analankhula bwino bambo amene uja, ngakhale anali mu nsapato za Royce."

Royce anali mwamuna wawo wachiwiri, amene panthawiyo anali pabalaza akuonera mpira ndipo sanatembenuke. Mayi Kimbrough anafotokoza akuseka kuti Dokotala anafika nsapato zili matope okhaokha mpaka m'mapindiro a buluku. Dokotalayo anati anaponda m'ngalande podzutsa chikwangwani cha inde chomwe anyamata akumwera anagwetsa. Munthu wa ulemu wake sakanaima pamaso pa makamera ali choncho. Iwo anathamangira kugalimoto n'kutenga nsapato za Royce zosewerera gofu, zoyera, n'kupukuta bulukulo ndi nsalu yonyowa. Gome linabisa mapazi, palibe anaona.

"Nanga nsapato zawozo anazitenga?"

"Anaiwala, ndi mmene analili wotanganidwa. Aimba kawiri konse kuzifunsa, akuti ndisavutike, abwera kudzatenga okha. Koma ine ndingabweze nsapato za mlendo zili zakuda? Mayi anga angadzuke m'manda. Dzulo linali Lamulungu, ine Lamulungu sinditsuka kanthu. Ndimati ndizitsuke ndikatha kuphika."

"Zili kuti, mayi?"

"Pakhonde lakuseri, mu jumbo. Bwanji, mwanawe, keke sinakome?"

Zinali nsapato zachikopa zakuda, zazikulu, zosalala kunsi. Katondo anali atauma pazidendene, ndipo pakati pa zingwe panali ndere zobiriwira za m'madzi. M'ngalande za m'mbali mwa misewu ya kumpoto, zomangidwa ndi simenti, ndere zoterozo munalibe.

Mayi Kimbrough anaima pakhomo akumuyang'ana akunyamula jumboyo. Kenako anafunsa motsitsa ngati zimenezi zingadikire mpaka Lachitatu. Lorraine anathokoza chifukwa cha keke.

Dokotala wopima mitembo anaimba Lorraine ali pamsewu. Anali mayi wosachedwa pa mawu. Anati bala la kumutu linali lalikulu koma silinaphe nthawi yomweyo. Msana unathyoka, miyendo inafa, koma munthuyo anakhala moyo nthawi yaitali, mwina kupitirira ola, magazi akukha pang'onopang'ono m'kati mwa mutu. Akanafika naye kuchipatala msanga, mwayi unalipo, ndipo sunali wochepa. Anaonjezera kuti mwana wamkazi wa malemu, Corinne, amene amakhala ku Ohio, wakhala akuimba kufunsa za bambo ake, koma iye sanamuuze kanthu poti si ntchito yake.

Lorraine anaimika galimoto pansi pa mtengo, panja pa sitolo ina yotsekedwa. Anatsegula kanema wa mtsutso uja pafoni. Vandiver anaima kuseri kwa gome la maluwa, tayi ili mowongoka, mawu ali phee. Analankhula za misonkho, za misewu, za ufulu wa anthu kudzilamulira. Kenako anafika pa nkhani ya ambulansi. Anati m'boma la Marbury munthu akagwa amadikira thandizo mpaka kutaya mtima, ndipo mphindi iliyonse yochedwa ndi moyo wa bambo wa wina, mwana wa wina. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Iye anaweramitsa mutu modzichepetsa n'kumwa madzi.

Anauzimitsa kanemayo. Anali ataona zambiri pantchitoyi, amuna opha akazi awo chifukwa cha chakudya chozizira, ana oba mankhwala a amayi awo odwala, ndipo ankaganiza kuti mtima wake unachita chikanga. Anakhala m'galimotomo kanthawi, manja ali pachiwongolero, kenako anaimbira Kaputeni Hulsey.

Bwanayo, amene dzulo lake ankati zinthu zisathamangidwe, tsopano anati mlandu wa kupha suchedwetsedwa ngakhale ola limodzi. Mawu ake anali owala ngati wapeza ndalama m'thumba la buluku lakale. Lorraine anapempha chinthu chimodzi, kuti munthuyo alowe naye kupolisi mwakachetechete, kudzera khomo lakuseri. Hulsey anati zimenezo n'zosachita kufunsa.

Ofesi za Hollis-Crane zinali m'nyumba yanjerwa ya nsanamira zoyera. Vandiver anali yekha m'chipinda chake, akukonza zokalankhula pawailesi madzulo amenewo. Lorraine sanakhale pansi. Anamuonetsa pafoni chithunzi cha nsapato, kenako cha mapazi apagombe, kenako anamufunsa kuti anadziwa bwanji kuti Wendell sabwera mipando isanathe kuyalidwa.

Mkuluyo anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Anayamba ndi kunena kuti aimbira loya wake, ndipo Lorraine anati ndi ufulu wake, n'kumuuzanso ufulu wake wonse monga lamulo linenera. Dzanja linapita pafoni koma silinainyamule. Mwina anali atatopa nayenso.

Anati iye ndiye anamutola Wendell ali wophunzira wosauka, n'kumulipirira maphunziro, n'kumupatsa ntchito. Loweruka Wendell anamuimbira kuti akumane pa mlatho. Anamuuza zomwe akufuna kukanena. Iye anamuchonderera, anamukumbutsa kuti anthu oposa makumi awiri amadya kudzera m'bungwelo, kuti othandiza ndi ndalama akachoka onsewo ali pamsewu, kuti lipoti lililonse padziko limakhala ndi mwini wake ndipo la boma nalo linali ndi wake. Wendell anati akudziwa, n'kutembenuka kuti azipita. Iye anamugwira mkono. Wendell anakoka, iye anakankha, kapena anangomusiya, sakudziwa. Chitsulo chija n'chachifupi.

"Ndinatsika kukamuona. Anali atafa kale."

"Dokotala wopima mitembo akuti anakhala moyo kupitirira ola," anatero Lorraine.

Vandiver anayang'ananso chithunzi cha mapazi chija.

"M'dzanja lake munali matope, bambo Vandiver. Ankayesa kudzikoka kuti achoke m'madzi. Munaima pamutu pake mpaka zidendene kuzama. Munkaona chiyani?"

Kunja wina ankatchetcha kapinga, ndipo phokoso la makinawo linkabwera n'kupita.

"Anatsegula maso," anatero Vandiver.

"Ananena kanthu?"

"Anati, Preston, imba foni." Anavula magalasi n'kuwaika pagome. "Foni ndinali nayo m'thumba. Ndinati ndikaimba ndikakwera kumsewu, pansi paja mwina siigwira. Kumsewu ndinati ndikaimba ndikafika pagalimoto. Pagalimoto ndinaganiza kuti akamutenga adzalankhula, ndipo ndinati ndiganize kaye mawu oti ndinene, ndikaimbira kuholo. Kuholo mayi Kimbrough anandipatsa nsapato."

Lorraine anamuuza kuti aimirire. Iye anaimirira, n'kukonza tayi mwa chizolowezi, ndipo mawu a pawailesi aja anabwereranso pang'ono. Anati sakupempha chifukwa cha iye mwini. Koma mayi Tolliver aganize bwino. Anthu akuvota mawa. Akamugwira lero, nkhaniyi ndiyo idzavote, osati anthu. Mayi ngati Dottie Kimbrough agwira ntchito zaka zambiri ndi mtima woona, ndipo sanakankhe munthu aliyense. Tsiku limodzi lokha, Lachitatu m'mawa adzabwera yekha.

"Ndikakugwirani lero ndavotera ayi," anatero Lorraine. "Ndikakugwirani Lachitatu ndavotera inde. Tsiku lopanda mwini palibe. Ine ndadziwa lero, ndiye ndi lero. Manja kumbuyo."

Anamukweza kumpando wakumbuyo wa galimoto. Anadutsa misewu ya kumpoto ya zikwangwani zachikasu, anawoloka pa mlatho watsopano, n'kulowa m'misewu ya zikwangwani zabuluu. Pena paliponse anthu anali pamphambano akukupiza mbendera kwa magalimoto, otuwa ndi kutopa, aliyense wotsimikiza kuti mbali inayo ndiyo yonama.

Atakhota kulowa kuseri kwa polisi, Lorraine anaponda buleki. Pakhomo lakuseri, pomwe masiku onse pamangokhala migolo ya zinyalala, panali magalimoto a nyumba zoulutsira mawu, makamera atayalidwa kale pamiyendo yake. Pakati pawo panaima Kaputeni Hulsey atavala yunifomu yake ya pamwambo, ya mabatani onyezimira, ndipo pambali pake panali makhansala awiri a boma la Marbury, nkhope zitakonzedwa kuti zioneke zachisoni.

Anaganiza zobwerera m'mbuyo, koma anali atamuona kale, ndipo khomo lina kunalibe. Anatsika, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Asanayende masitepe angapo, Hulsey anafika n'kugwira mkono wa Vandiver, n'kumuuza Lorraine chapansipansi kuti wagwira ntchito yabwino, apa apitiriza yekha. Atolankhani anakhamukira kwa awiriwo. Mmodzi yekha, mtsikana wa maikolofoni yofiira, anatembenukira kwa Lorraine n'kufunsa kuti akuona ngati zimenezi zisintha bwanji voti ya mawa.

Lorraine anati munthu wamwalirayo dzina lake ndi Wendell Ashcraft, ndipo ankafuna kuuza mbali zonse ziwiri zomwe sizinkafuna kumva. Mtsikanayo anadikira mwaulemu kuti amalize, kenako anafunsanso za voti.

Anabwerera m'galimoto n'kutseka mawindo. Pagalasi lakutsogolo ankamuona Hulsey akukonza chipewa, akuyandikira mulu wa maikolofoni, ali ndi pepala la dokotala wopima mitembo m'manja. Za ola lija lomwe Wendell anakhala moyo azinena, Lorraine ankadziwa, ndipo azinena mokoka kuti zimveke mpaka kumpoto.

Panatsala ntchito imodzi yomwe palibe anamulanda. Anafufuza nambala ya ku Ohio n'kuimba. Inayankhidwa isanalire kawiri.

Anadzitchula dzina ndi ntchito yake, n'kunena kuti munthu wagwidwa. Kumbali inayo kunamveka mwana wakhanda akulira, komanso TV ikulankhula chapatali. Corinne anapuma mwamphamvu, n'kuthokoza, n'kunena kuti azakhali ake amuimbira kumene kuti atsegule nkhani pa intaneti, akuti apolisi alankhula posachedwa. Kenako mawu ake anachepa.

"Ndingofuna kudziwa chimodzi, mayi. Bambo anga sanavutike, eti? Zinali zachangu?"

Kunja Hulsey anagogoda maikolofoni ndi chala kuona ngati ikugwira.

"Zimitsani kaye zonsezo, Corinne," anatero Lorraine. "Mwanayo mupatseni wina, mukhale pansi. Ndikuuzeni ine."